ZA UMOYO WATHU: NAMWINO WOLANDIRA KATEMERA AKAGONA NDI CIMFINE

Sabata ino ndifuna kuyankha funso limene anandifunsa amai ena acikulire a m'boma la Katete, amene mwana wao wamkazi ndi namwino pa kiliniki ina m'komboni ya mu Lusaka. Dzina lao ndi la kilinikiyo sindidzachula, pakuti nkhaniyi si yao okha iai.

Amaiwo anati mwana wao anali mmodzi wa anthu oyamba kulandira katemera wa matenda a Covid-19 m'caka ca 2021. Anabayidwa kawiri monga momwe anauzidwira, ndipo anatumiza mau kumudzi kulimbikitsa makolo ake kuti naonso akabayitse. Koma m'mwezi wa December caka comweco, pamene anali kumuyembekezera kuti abwere adzadye nao Khrisimasi, kunafika uthenga wakuti wagona ndi cifuwa, mutu ndi kutentha thupi, ndiponso kuti anzake angapo a pakilinikipo agona naonso. Anacira itapita sabata imodzi. Koma amai akewo anatsala ndi funso kufikira lero: "Nanga jekeseni uja anali wa nchito yanji, ngati anamwino eni ake adwala? Ndipo ngati a m'cipatala apatsirana matenda okha-okha, ife odwala tidzathawira kuti?" Anaonjeza kuti kucokera pamenepo amuna ao, amene ali ndi matenda a shuga, safuna kumvanso za katemera wina ali yense, ndipo kucipatala apitako mocita kukokedwa.

Funso limeneli ndi la nzeru, ndipo liri m'mitima ya anthu ambiri amene acita manyazi kulifunsa poyera. Yankho lake lalifupi ndi ili: katemera uja anagwira nchito yake, ndi cifukwa cake mwana wanu, amai, anadzuka nabwerera kunchito. Koma katemera wa matenda a m'cifuwa amateteza munthu ku imfa koposa m'mene amatetezera mphuno yake kuti isalandire kacirombo. Cotero kuti matenda asafale pakati pa anchito a m'cipatala, pafunika zinthu zina pamwamba pa jekeseni, ndipo zina mwa izo ziri m'manja mwa ife amene tipita kukalandira cithandizo.

MMENE ZINAYENDERA M'DZIKO LINO

Matenda a Covid-19 anapezeka koyamba mu Zambia pa 18 March 2020, mwa anthu awiri amene anali atangobwera kucokera ku France. M'mwezi wa July caka comweco, akatswiri a za umoyo anapima anchito a m'zipatala 660 m'maboma asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Lusaka, napeza kuti pafupifupi mmodzi mwa khumi ali onse anali ndi kacirombo kapena anali atadwalapo kale. Madotolo enanso anapima mitembo ya anthu kunyumba yosungiramo akufa ya pa cipatala cacikulu ca UTH kuyambira June kufikira September 2020. Mwa mitembo 364, kacirombo kanapezeka mu 70, ndipo ambiri mwa anthuwo anafera kunyumba kwao osapimidwa konse. Ici cinasonyeza kuti matenda anali atalowa kale pakati pa anthu wamba mu mzinda, kwinaku ambiri alikunena kuti ndi matenda a anthu olemera okwera ndege.

Katemera woyamba anafika m'dziko lino pa 12 April 2021: majekeseni 228,000 a AstraZeneca, amene anadza kupyolera m'cigwirizano ca maiko cochedwa COVAX. Pa 14 April, Nduna ya za Umoyo ya nthawi imeneyo, a Dr Jonas Chanda, anatsegulira nchito ya katemera pa UTH. Boma linaika anchito a m'zipatala pakati pa oyamba kulandira, pakuti iwo ndiwo akumana ndi odwala tsiku ndi tsiku, ndipo iwo akagwa palibenso wina wotidzutsa.

M'miyezi ya June ndi July 2021 kunabwera mtundu wa kacirombo wochedwa Delta. Zipatala za mu Lusaka zinadzaza, mpweya wa m'mabotolo wothandiza odwala kupuma unacepa, ndipo mabanja ambiri anagona pamaliro. Pa nthawi imeneyo anthu olandira katemera anali ocepa kwambiri. Kenaka mu November 2021 akatswiri a ku Botswana ndi ku South Africa anatulukira mtundu wina watsopano, umene unachedwa Omicron. Pofika kumapeto kwa December, m'dziko lino munali kupezeka odwala oposa 5,000 pa tsiku limodzi, kuposa ciwerengero ca mu June, komabe akufa anali ocepa poyerekeza ndi a mu June. Imeneyi ndiyo nthawi imene mwana wa amai a ku Katete anagona. M'masiku omwewo Boma, kupyolera mwa Nduna ya za Umoyo ya nthawiyo, amai Sylvia Masebo, linalola jekeseni woonjezera mphamvu.

Pa 5 May 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalengeza kuti Covid-19 salinso ngozi ya dzidzidzi ya maiko onse. Anthu amene analembedwa kuti anafa nao mu Zambia ndi oposa 4,000. Komatu kacirombo sikanapite kuli konse. Kanangolowa m'gulu la anzake akale amene amativutitsa caka ndi caka, monga fuluwenza ndi kacirombo ka RSV kamene kamatseka m'cifuwa mwa makanda. Kuyambira m'caka ca 2008 akatswiri akhala alikupima odwala cimfine mu Lusaka kuti adziwe m'mene fuluwenza amayendera, ndipo aona kuti amakonda kuculuka m'miyezi yozizira. Cotero funso la amai aja silinathe nchito, lidzabweranso ndi cisanu ciri conse.

CIFUKWA CAKE WOBAYIDWA AMADWALABE

Ife a m'badwo wakale tinazolowera katemera wa nthomba, uja wosiya cipsera paphewa. Anagwira nchito kotero kuti m'caka ca 1980 nthomba inalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse lapansi. Tidziwanso katemera wa cikuku, amene ana athu alandira pa miyezi 9 ndi pa miyezi 18, ndipo mwana wolandira zonse ziwiri kawirikawiri sadwalanso cikuku moyo wake wonse. Ndi cifukwa cake anthu ambiri amaganiza kuti katemera ali yense ndi khoma losabooleka. Koma tizirombo ta m'mphuno ndi m'cifuwa tiri ndi makhalidwe ena, ndipo pali zifukwa zitatu.

Coyamba ndi malo. Katemera ali ngati kusonyeza alonda a m'mudzi nkhope ya mbala isanabwere. Jekeseni wa paphewa amaphunzitsa asilikali a m'thupi amene ayenda m'magazi, ndipo iwo amalondera bwino mapapo ndi ziwalo za m'kati. Koma kacirombo kalowera pamphuno ndi pakhosi, kumene alondawo ali ocepa. Mbala ikhoza kulumpha mpanda ndi kuyenda pabwalo kanthawi, koma alonda oidziwa nkhope amaigwira isanafike kunkhokwe. Wobayidwa angamve cimfine, mutu ndi kuphwanya kwa thupi masiku angapo, koma kawirikawiri matenda satsikira m'mapapo kukasanduka cibayo cakupha. Vuto ndi lakuti pa masiku amene kacirombo kali pamphuno, munthuyo akhoza kupatsira anzake.

Caciwiri ndi nthawi. Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa. Mphamvu yoletsa kacirombo kulowa imakhala yaikulu m'masabata oyamba munthu atabayidwa, koma imayamba kucepa ikapita miyezi ingapo, ngakhale kuti mphamvu yoteteza ku matenda akulu imakhalitsa. Anamwino athu ndiwo anayamba kubayidwa, cotero pofika December 2021 katemera wao ndiye anali wakale kuposa wa anthu ena.

Cacitatu ndi cakuti tizirombo timeneti timasintha maonekedwe. Omicron anali wosiyana kwambiri ndi kacirombo koyamba kamene katemera anapangidwira, monga mbala imene yabvala zobvala zina. Fuluwenza nayenso amasintha kotero kuti katemera wake amakonzedwanso caka ciri conse. Cikuku sicisintha motere, ndi cifukwa cake katemera wake sakalamba.

Izi si zongoganizira iai. Ku South Africa, anchito a m'zipatala oposa 470,000 anabayidwa katemera wa Johnson & Johnson pakati pa February ndi May 2021, ndipo akatswiri anawatsatira kuti aone cimene cidzacitika. Ena anadwalabe ndithu. Koma pa anthu 100 ali onse amene akadafa pakadapanda katemera, 83 anapulumuka, ndipo pa 100 amene akadagonekedwa m'cipatala, 67 sanagonekedwe. Ku Vietnam nako, pa cipatala ca matenda opatsirana ca mu mzinda wa Ho Chi Minh, anchito 69 anagwidwa ndi Delta m'masabata awiri okha mu June 2021, ngakhale kuti pafupifupi onse anali atabayidwa kawiri katemera wa AstraZeneca, yemwe uja analandira anamwino athu. Onse anacira. Ofufuza anapeza kuti anchitowo anapatsirana okha-okha. Nkhani ziwirizi zinena cinthu cimodzi: katemera amasunga moyo, koma payekha satseka njira ya matenda.

KUMENE MATENDA AMADZERA

Kuti timvetse bvuto la anamwino athu, tiyeni tione malo amene agwiramo nchito. Boma la Lusaka liri ndi anthu oposa 2 miliyoni, ndipo ambiri a iwo akhala m'makomboni monga Kanyama, Matero, Chawama, George, Mtendere ndi Kalingalinga. Makiliniki a ku Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi ku komboni ya Chipata anakuzidwa nakhala zipatala, mwa cithandizo ca dziko la Japan, kuti anthu asamathamangire ku UTH ndi matenda ali onse. Ku George, ku Mtendere ndi ku Kalingalinga kuli makiliniki amene alandira anthu ambiri tsiku liri lonse. Amene anafikako m'mawa adziwa m'mene mzere umakhalira: mai wa khanda, nkhalamba ya shuga, mnyamata wobvulala ndi munthu wotsokomola, onse pa benchi limodzi.

Tizirombo ta m'cifuwa timayenda ndi mpweya. Munthu akatsokomola, akayetsemula, ngakhale polankhula cabe, amatulutsa timadontho tosaoneka ndi maso, ndipo tina timatsala tilikuyandama m'cipinda monga utsi m'khichini yopanda zenera. Ndiponso munthu amayamba kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri asanadzimve kuti wadwala. Namwino amene aona odwala ambirimbiri m'kacipinda kotseka amapuma mpweya wa onsewo.

Koma pali cinthu cimene ambiri saciganizira. Namwino akakhala pamaso pa wodwala amacenjera: abvala kansalu kophimba pakamwa ndi pamphuno, kamene tonse tinazolowera kukacha masiki, ndipo asamba m'manja. Pamene amamasuka ndi pakati pa anzake: m'kacipinda komwera tiyi, kumene masiki amabvulidwa ndipo anthu asanu adyera pa tebulo limodzi, usiku wa mu June, pamene a nchito ya usiku atseka mazenera onse cifukwa ca cisanu, ndi pa nthawi yosiyirana nchito, pamene gulu la usiku ndi la masana aunjikana pamodzi. Munthu saopa mnzake amene amudziwa, makamaka akadziwa kuti onse anabayidwa. Pamenepo mpamene mmodzi amagwetsa asanu.

Tisaiwalenso kuti namwino sagona m'cipatala. Akwera minibasi yodzaza pamodzi ndi ife, agula ndiwo ku Soweto Market, apita ku mapemphero ndi ku maliro, ndipo ambiri akhala m'makomboni momwemo, m'nyumba za zipinda ziwiri pamodzi ndi ana a sukulu. Nthawi zambiri matenda salowa m'cipatala ndi wodwala, alowa ndi wanchito amene wawatenga kunyumba. Cipatala ndi komboni zipuma mpweya umodzi.

ZOYENERA KUCITA A M'CIPATALA

Cinthu coyamba ndi cacikulu pa zonse ndi ici: wanchito amene wayamba cifuwa, zilonda za pakhosi kapena kutentha thupi anene msanga kwa mkulu wake, apimidwe ngati zopimira ziripo, ndipo akhale kunyumba masiku oyambawo, pakuti ndi m'masiku asanu oyamba m'mene munthu amapatsira kwambiri. Kubayidwa katemera sikumasula munthu ku lamulo limeneli. Ndidziwa kuti kunena nkosabvuta. Anchito ndi ocepa, ngakhale kuti m'caka ca 2022 Boma linalemba anchito a za umoyo oposa 11,000. Namwino wa cikumbumtima akaganiza za mzere umene ulikumuyembekezera, amamwa mankhwala oziziritsa thupi nabvala yunifomu yake. Timamuyamika kuti ndi wolimbika, koma ng'oma yolira kwambiri siicedwa kung'ambika. Akabwera ali wodwala, sabata yotsatira adzagona anzake anai, ndipo mzere umene anaumvera cisoni udzatalika kuposa kale. Cotero akulu a zipatala asayang'ane ndi diso loipa wanchito amene wanena zoona za thupi lake. Kumene anchito amadzudzulidwa akadwala, amaphunzira kubisa, ndipo matenda obisika ndiwo amafala.

Caciwiri ndi mpweya. Mankhwala awa ndi aulere, koma ndiwo amaiwalika koposa. Ofufuza anayesa zipinda za zipatala zisanu ndi zitatu mu mzinda wa Lima ku Peru, nalengeza m'caka ca 2007 kuti kungotsegula mazenera ndi zitseko kunali kusintha mpweya wa m'cipinda pafupifupi ka 28 pa ola limodzi, ndipo m'nyumba zakale za denga lalitali ndi mazenera akulu kunafika ka 40. Anamwino athu oona za cifuwa cacikulu adziwa kale nzeru imeneyi, pakuti akhala alikuphunzitsa za kutsegula mazenera kwa zaka zambiri. Cofunika ndi cakuti nzeru yomweyo ifike m'cipinda ca tiyi, m'ofesi ya makadi ndi mosungira mankhwala. Kuli bwino kugwira nchito utabvala juzi ndi zenera lotsegula, kusiyana ndi kufunda m'cipinda codzaza mpweya wa anthu khumi.

Cacitatu ndi masiki. M'nyengo imene cifuwa caculuka, wanchito ali yense aibvale nthawi yonse imene ali m'nyumba ya cipatala, pamaso pa odwala ndi pamaso pa anzake pomwe, ndipo iphimbe mphuno, osati kulendewera pacibwano. Amene agwira nchito pafupi ndi pakamwa pa wodwala kwambiri afunika masiki yothina bwino ya mtundu wa N95. Ndipo ponena anchito sitinena madotolo ndi anamwino okha: osesa, alonda a pacipata, olemba makadi, oyendetsa ambulansi ndi ophunzira unamwino onse ndi a nyumba imodzi, ndipo kacirombo sikayang'ana mtundu wa yunifomu.

Cacinai ndi kupatula. Pacipata pakhale munthu wofunsa ali yense ngati ali ndi cifuwa, kuti otsokomola apatsidwe masiki, akhale pa benchi lao pamthunzi panja, ndi kuonedwa msanga. Anchito naonso agawidwe m'magulu osasakanikirana, ndipo amwe tiyi mosinthana, awiri-awiri kapena panja. Motero gulu limodzi likagwidwa, lina litsala ndipo kiliniki sitsekedwa.

Cacisanu ndi kuwerenga. Pa kiliniki iri yonse pakhale buku lolembamo anchito odwala: dzina, tsiku limene anayamba ndi mbali imene agwirako nchito. Awiri kapena atatu a mbali imodzi akagona m'sabata imodzi, mkulu asayembekeze wacinai. Adziwitse a ofesi ya za umoyo ya m'boma lao, amene agwirizana ndi bungwe loyang'anira miliri la Zambia National Public Health Institute, ndipo onse amene anakhala pafupi ndi odwalawo adziyang'anire, abvale masiki mosalekeza, ndipo ngati nkotheka asaikidwe kumbali ya makanda ndi odwala ofooka kwa masiku angapo. Moto wa m'chire amauzima ukali pa udzu wocepa.

Cacisanu ndi cimodzi ndi katemera yemweyo. Popeza mphamvu yake imacepa, wanchito alandire jekeseni woonjezera pamene a za umoyo alangiza kutero. Zisanu zoyambazo zimacepetsa kufala kwa matenda, koma katemera ndiye amacititsa kuti wogwidwayo adzuke. Sopo ndi madzi nazo zisasowe pakhomo la cipinda ciri conse.

MBALI YATHU IFE

Wina kumudzi anganene kuti izi ndi za anthu a ku Lusaka. Iai ndithu. Mabasi acoka pa Intercity tsiku ndi tsiku kupita ku Nyimba, Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi, ndipo cifuwa cimene cinali ku Kanyama m'mawa cikhoza kugona ku Sinda madzulo. Ndiponso ku Lusaka namwino mmodzi akagona pamakhala wina womulowera m'malo, koma pa kiliniki yaing'ono ya kumudzi, pamene pali anchito awiri kapena mmodzi, iye akagona ndiye kuti mai wapakati adzapeza citseko cotseka usiku. Kusunga namwino ndiko kudzisunga tokha. Mnzako akapsa ndebvu mzimire.

Tsono ticite motere. Mukafika pacipatala muli ndi cifuwa, nenani pacipata pomwepo, musayembekeze kuti mukanene m'kati. Akakukhazikani padera musakwiye, sikukunyozani iai. Potsokomola phimbani pakamwa ndi kansalu kapena ndi mkono wanu, ndipo musalabvule pansi. Akakupatsani masiki bvalani. Musatseke zenera limene namwino watsegula, koma bwerani ndi citenje cofunda.

Poperekeza wodwala apite munthu mmodzi kapena awiri. Mwambo wathu wozonda odwala ndi wabwino, koma banja lonse likaunjikana pa bedi limodzi, wodwala wa pa bedi loyandikana ndiye alipira. Amene ali ndi cimfine asapite kukazonda odwala kapena kukaona khanda lobadwa kumene. Atumize moni ndi kaphoso, adzapita atacira. Makanda athanzi asatengedwe kucipatala pokaona wodwala.

Mukamva kuti namwino sanabwere cifukwa wadwala, ndipo mzere uyenda pang'onopang'ono, musang'ung'udze kuti ndi ulesi. Iye wakhala kunyumba kuti asakupatsireni. Ndipo musamuseke kuti katemera wamukana. Mau otere akamveka pacitsime ndi pamsika amabweza anthu ambiri, ndipo amene abwerera ndi nkhalamba ndi odwala shuga, mtima kapena cifuwa cacikulu, amene katemera awathandiza koposa onse. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Amene ali ndi cikaiko afunse a zaumoyo eni ake.

Makomiti a za umoyo a m'midzi ndi m'makomboni, pamodzi ndi anyakwawa ndi akulu a mipingo, ali ndi nchito imene angagwire popanda kuyembekezera ndalama za Boma. Kumanga cisakasa ca mitengo ndi udzu kapena malata pabwalo la kiliniki, cotseguka mbali zonse, kuti odwala aziyembekezeramo, ndi nchito ya masiku awiri anthu akagwirizana. Kuona kuti mgomo wa madzi osamba m'manja suuma ndi nchito ya komiti. Mutu umodzi susenza denga.

Mwana wanu akabwera kucokera ku tauni ali ndi cifuwa, mlandireni ndi manja awiri, koma masiku oyambawo asagone m'cipinda cimodzi ndi agogo kapena khanda, ndipo muzicezera panja. Pomariza, kuopa kutenga matenda kusakuletseni kupita kucipatala pamene pafunika. Mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikamalowa m'kati popuma, akakana kuyamwa kapena akafooka, thamangani naye tsiku lomwelo. Wamkulu naye akamabanika, akamamva kuwawa m'cifuwa kapena kusokonezeka mutu, asagone kunyumba. Ngozi ya kukhala kunyumba ndi cibayo iposa kutali ngozi ya kukhala pa benchi la kiliniki.

Tsono kwa inu amai a ku Katete ndinena kuti: mwana wanu sanakunamizeni. Anadwala pa nthawi imene kacirombo kanali katasintha ndiponso mphamvu ya jekeseni wake inali itayamba kucepa, koma anadzuka itapita sabata, ndipo lero alikuthandiza ana a anthu ena. Auzeni bambo a kunyumba kuti asaleke kupita kukapimitsa shuga wao, ndipo akafika akafunse anamwino za katemera amene ayenera munthu wa msinkhu wao ndi matenda ao. Ndipo mwana wanuyo akadzakuuzaninso tsiku lina kuti wakhala kunyumba cifukwa ca cimfine, musamufunse kuti adzabwerera liti kunchito. Mumufunse ngati wadya.

Sabata ya mawa tidzakambirana za kasamalidwe ka mwana wa cifuwa panyumba m'nyengo yozizira.